Prado, Pajero kapena Discovery yogwirapo kale, ndiyang'ane pati ndisanapereke ndalama?

MlimiWaKapiri

Moni nonse akuluakulu, ndithandizeni nzeru chonde ndisanalowe m'madzi. Ine ndimakhala ku Mchinji mbali ya Kapiri, ndimalima soya ndi mtedza komanso ndimagulako mbewu m'midzi, nde ka Sienta komwe ndakhala ndikuyendera katopa, nthawi ya mvula kamangokhala pakhomo chifukwa msewu wa kumunda ukanyowa ndi nkhani ina, pansi pake pagundagunda mpaka ekizozi ndinachita kumangira waya. Chaka chino zokolola zayendako bwino nde ndaganiza zogula galimoto yayikulu ya 4x4, yoti tikamapita kumaliro kapena kuukwati kwa apongozi ku Ntcheu banja lonse lizikwana ndi katundu yemwe.

Ku Lilongwe ndaonako zitatu. Yoyamba ndi Prado 120 ya 2006, dizilo, otomatiki, pa dashibodi ikuonetsa 148,000 km, mwini wake akuti inachokera ku Japan ndipo kuno yagwiridwa ndi anthu awiri okha. Yawala zedi, mipando ya chikopa, injini yotsukidwa mbee moti ungadyerepo nsima. Yachiwiri ndi Pajero ya 2008, 3.2 dizilo ya manyuwo, inali ya bungwe lina la zaumoyo akuti anaigula pa tenda, yayenda 260,000 km ndipo maonekedwe ake ndi otopa ndithu, penti inazilala. Yachitatu ndi Land Rover Discovery 3 ya 2007 yochokera ku UK, ndiyo yokongola kuposa zonse komanso yotchipa kuposa zonse, zomwe zikundidabwitsa.

Ine za injini ndimadziwa kuona oyilo ndi madzi basi. Wa Prado akundithamangitsa kuti ndiperekeko dipoziti pofika Lachisanu ati pali wina wa ku Blantyre akuifunanso. Nde funso langa ndi loti mavuto odziwika a galimoto zimenezi ndi ati, ndiyang'ane pati, komanso ndi chani chomwe ndikangochiona ndiyenera kungotembenuka n'kumapita? Ndalama zake ndi za thukuta izi, zikapita zapita.

Kabaza_Boss

Prado basi bwana musavutike mutu, Toyota siifa. Discovery yo isiyeni mudzagulitsa munda. Komanso wa ku Blantyre yo kulibe, aliyense wogulitsa galimoto mu Lilongwe muno ali naye wake wa ku Blantyre amene akubwera Lachisanu 😂

Sipanala17

Bwana mlimi, mawu akuti Toyota siifa wo ndi amene amatidyetsa ife kuno ku Biwi. Prado imapirira nkhanza zoona, koma vuto lake ndi lomwelo, munthu amaizunza zaka ndi zaka oyilo osasintha pa nthawi yake, mu radiyeta akuthira madzi a pa mjigo, iyo ikungoyendabe, tsiku lomwe waona kuti yayamba kutopa ndi lomwe amaipititsa ku car wash n'kuijambula bwinobwino kuika pa Facebook. Galimoto yaing'ono ikazunzidwa imadandaula msanga, zazikuluzi zimabisa. Nde inuyo ntchito yanu ndi kufufuza kuti zaka zonsezi inkasamalidwa bwanji, kuwala ko kusakutengeni mtima.

Injini yotsukidwa yo ine sindiikonda. Si kuti aliyense wotsuka injini ndi wakuba ayi, koma akatsuka ndekuti umboni wonse wa pomwe pamadontha oyilo wapita. Mudzaionenso mukabwera kokaiyesa.

Pitani m'mamawa ndipo musamuuze nthawi yeniyeni, mukafika tsegulani boneti mugwire injini ndi dzanja, ikhale yozizira yogona usiku wonse. Mukapeza yafunda kale ati timangoitenthetsako, bwererani mubwere tsiku lina, chifukwa matenda ambiri a dizilo amaoneka pa kuliza koyamba. Musanalize tembenuzani kiyi muone ngati magetsi onse a pa dashibodi ayaka, check engine, ABS, airbag, ya oyilo, kenako azime injini ikalira. Ina ikapanda kuyaka n'komwe ndekuti wina anachotsa babu kapena anaimata tepi yakuda mkati, zimachitika kwambiri kuposa momwe mukuganizira.

Prado yanuyo ngati ilidi ya dizilo ya ku Japan ya 2006 injini yake ndi 1KD, ija ya 3.0 D-4D, ndipo nambala ya chasisi iyambe ndi KDJ. Mukapeza ikuyamba ndi TRJ kapena GRJ koma mkati muli ya dizilo ndekuti inabadwa ya petulo wina anasintha injini, pamenepo mafunso achuluke. 1KD ndi injini yabwino yamphamvu koma ili ndi malo ake ofooka ndipo ndi ma injector, aja opopera mafuta mu injini. Ikamalira yozizira mvetserani, dizilo iliyonse imagogoda inde koma ikamachita khokhokho mokweza kenako n'kusiya ikatentha, kapena ikatulutsa utsi woyera wonunkha dizilo m'mawa, ma injector atopa. Anthu amazitenga ngati zazing'ono koma injector yotopa imathira mafuta molakwika mpaka pistoni kung'ambika, apo nde mwagula injini ina. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, pansi pa injector iliyonse pali kawashala, kakatha mpweya wotentha umadutsa n'kumaotcha oyilo kukhala makala, makala aja amatsikira mu sampu n'kukatseka kasefa komwe pampu imakokera oyilo. Galimoto imayenda bwinobwino osaonetsa kanthu mpaka tsiku lomwe ma bearing auma injini n'kunoka muli pa 100 pa msewu wa Mchinji. Makaniko wodziwa amakhetsa oyilo n'kusuzumira pa bowo la sampu ndi kakamera kuona kasefa kaja. Mwini wake akakana kuti mukhetse oyilo muuzeni kuti oyilo watsopano mugula ndinu, akakanabe mwamva kale yankho.

Pezani munthu wa kompyuta ya diagnosis, osati woti angofufuta ma code ayi, muuzeni aone ma feedback a ma injector, manambala osonyeza momwe injector iliyonse yatopera, injini ikadali yozizira, pa 1KD ikamadutsa 3 kaya ku plus kaya ku minus ndekuti injector imeneyo yatha. Ndipo ma injector amasinthidwa onse anayi, kenako amafuna kuwalembetsa mu kompyuta ya galimoto, funsani mtengo wake lero lomwe musanagule kuti mudziwiretu.

Za kutentha tsopano, apa nde pamene galimoto zambiri za kuno zinafera. Injini ili yozizira tsegulani chivindikiro cha radiyeta, muyenera kupeza coolant wofiirira kapena wapinki, mukapeza madzi a dzimbiri ngati a m'chithaphwi ndekuti mkati mwadyeka. Lizani chivindikiro chili chotsegula muyang'ane, mukaona tithovu tikutuluka mosalekeza ndekuti gasket yapita kapena cylinder head inang'ambika. Tsegulaninso pothirira oyilo, kuseri kwa chivindikiro kukakhala zoyera zamkakamkaka madzi akulowa mu oyilo. Injini ikulira ikani chivindikiro chija pamwamba osamanga, chikamangovinavina pang'ono palibe vuto, koma chikamaulutsidwa ndi utsi uli phwii ma ring atha. Ndipo funsani ngati thermostat, kavalavu kotsegula ndi kutseka madzi opita ku radiyeta, ilimo. Anzathu ena galimoto ikayamba kutentha amangochotsa thermostat ati kuno ndi kotentha siifunika, bodza limenelo, amakhala abisa vuto lenileni lomwe mwina ndi radiyeta yotsekeka kapena fan yomwe yasiya kugwira. Ma Prado akale a 1KZ nde osanena, ikangowira kamodzi head imang'ambika.

Mileji yo ine ndaikayikira. Galimoto ya 2006 yomwe yadutsa m'manja mwa anthu awiri kuno n'kumaonetsa 148,000, mwina ndi zoona koma kubweza mileji masiku ano ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Komanso nambala yake yandiseketsa, 1KD timing belt yake imasinthidwa pa 150,000 km, kagetsi ka T-BELT kamayaka pamenepo. Nde ngati mileji ili yoona belt ikukudikirani inuyo mwezi wamawa, ngati ndi yabodza funsani kuti inasinthidwa liti. Yang'anani ma sitika, a ku Japan amakonda kumata kapepala pa kava ya belt kapena pa felemu ya chitseko kolemba ma km omwe anasinthira, obweza mileji ambiri amaiwala kuchotsa. Onaninso labala wa pa pedulo ya buleki, sitelingi pomwe pamagwira dzanja, ndi mbali ya mpando wa dalaivala pomwe munthu amatsikira, zimenezi sizinama. Dashibodi yong'ambikang'ambika pa 120 isakuopseni, ndi matenda ake ikakhala padzuwa, ingogwiritsani ntchito potsitsa mtengo.

Giyabokosi ya otomatiki oyilo wake akhale wofiira, akakhala wakuda wonunkha zopserera isiyeni. Ponda buleki muike D kenako R, ilowe mwakachetechete osachedwa komanso osagunda. Kenako kaiyeseni ulendo weniweni osati kuzungulira ku Area 47 kokha, tengani msewu wa Salima mutsike mpaka kupitirira Mvera n'kutembenuka, pobwera mukwere zitunda zija AC ili on mutanyamula anthu, wa kompyuta uja aziona kutentha kwenikweni kwa injini pa makina ake chifukwa kamuvi ka pa dashibodi kamakhala pakati mpaka zinthu zitafika poipa. Mukabwerako imikani pa simenti youma mudikire pang'ono muone chomwe chidonthe.

Mwini wake akadandaula za mafuta thirani ndinu.

DalaivalaWakale

A Sipanala anena zambiri za injini sindibwereza, ine ndiwonjezere za pansi chifukwa ndagwira ntchito ya udalaivala m'mabungwe zaka zambiri, Nsanje, Makanjira, Nthalire, Chitipa konse ndafikako, ndipo galimoto zazikuluzi zimayambira kufa pansi osati pamwamba.

Koma poyamba ndikutsutseni pang'ono achimwene pa nkhani ya Pajero, mukuoneka ngati mwaichotsa kale mu mtima chifukwa cha 260,000 ndi penti yozilala. Galimoto ya bungwe mileji yake imakhala yoona chifukwa ulendo uliwonse timalemba mu log book, ndipo sevisi imachitika pa nthawi yake poti ndalama si za m'thumba mwa munthu, ofesi ikaona ma km akwana imakukakamiza kupita ku galaja olo usakufuna. Ine pakati pa 260,000 yoona yokhala ndi fayilo ya ma invoice ndi 148,000 yopanda pepala lililonse ndingayambe kuona ya fayilo yo. Funsani ngati anapatsidwa fayilo pogula pa tenda paja. Kuipa kwake ndi koti yadutsa m'manja mwa madalaivala ambiri ndipo ena akakhala kutali ndi abwana amathamanga pa malata a msewu wa fumbi ngati ali pa tala, nde ma shock, ma bush ndi ma mounting amakhala atalandira chilango.

Musagule musanaiike pa dzenje kapena pa lift, valani zovala zoti zide mulowe pansi nokha ndi tochi. Pa Prado tsatirani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mukaona pomwe anawotcherera kapena pomwe chitsulo chachita makwinya ngati anachiwongola, kapena penti yakuda yatsopano malo amodzi okha, imeneyo inachita ngozi yayikulu. Galimoto zazitalizi zimagubuduzika, nde onani denga ndi mizati ya m'mbali mwa galasi lakutsogolo, kokani labala wa pa chitseko muone ngati mkati muli fila kapena penti ya mtundu wina, zitseko zonse zitsekeke mofanana. Ka maginito kaja ka pa firiji katengeni, pomwe pali fila wambiri sikagwira. Pajero ilibe chasisi yapayokha ngati Prado, thupi ndi felemu zinalumikizidwa pamodzi, nde ikapindika kuiwongola kuti ibwerere mwakale ndi kovuta, mumangoona ikudya matayala mbali imodzi olo mupange alignment kangati.

Akaikweza gwedezani tayala lililonse, dzanja lina pamwamba lina pansi, kenako m'mbali, pasakhale kugwedera. Ma ball joint apansi osawaseweretsa, ma Prado 90 aja akale mwawaonapo atagwada pamsewu tayala litapindikira mkati, ndi zimenezo. Onani ma boot a CV ngati sanang'ambike, steering rack ngati siyikudontha, ndi prop shaft ngati inkathiridwa girisi. Masulaninso pothirira oyilo wa diff, akatuluka wotuwa ngati phala ndekuti inkawoloka mitsinje madzi analowa.

4x4 yo iyeseni ndithu, osangokhulupirira. Zambiri za mu town zimatha zaka osalowapo mu low range, giya yamphamvu ya m'matope ija, nde timamota ndi ma switch ake timauma, tsiku lomwe mwatitimira ku munda ndi lomwe mudzadziwe. Pitani pa msewu wa fumbi, pa tala ayi, ikani low range mulokenso centre diff, kagetsi kayake n'kukhazikika. Pa Pajero dutsani monse 2H, 4H, 4HLc mpaka 4LLc, timagetsi ta matayala akutsogolo pa dashibodi tikamangophethira osasiya nthawi zambiri amakhala ma solenoid a vacuum kapena ma switch, si zodula kwambiri koma mudziwiretu. Prado imakoka matayala onse anayi nthawi zonse nde matayala akhale a saizi imodzi komanso otha mofanana. Werengani deti pa tayala, manambala anayi aja, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2318 ndekuti sabata ya 23 chaka cha 2018, tayala lotero olo mapanga akuoneka lakalamba. Funsani mtengo wa 265/65R17 limodzi muchulukitse ndi asanu, muone ngati mukumwetulirabe, si za Sienta izi.

AnaPhiri_Kanengo

Abambo onse akukamba zitsulo, ine ndikambe mapepala poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Galimoto ikhoza kukhala yabwino injini ngati yatsopano koma n'kudzakulandani pa roadblock ana ali momwemo.

Blue book muione yeniyeni osati fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp, dzina lomwe lili pamenepo lifanane ndi la pa ID ya amene mukumupatsa ndalama. Nkhani zoti ndi ya achimwene anga ali kunja, ndi ya malemu bambo athu, blue book ili ku banki tikatenga mukalipira, zonsezo imani kaye. Anthu ambiri anapinyolitsa galimoto kwa a katapila kapena anatengera ngongole ku banki, blue book ili kumeneko, inu mukagula mwagula ndi ngongole yomwe. Ya malemu nayo pamafunika mapepala a chuma cha masiye, apo ayi mawa abale ena adzatulukira kuti sitinagwirizane zogulitsa.

Nambala ya chasisi muiwerenge nokha pa chitsulo, pa Prado inadindidwa pa chasisi mbali ya kumanja kuseri kwa tayala lakutsogolo, pukutani matope muone ngati manambala ali pa mzere umodzi komanso ngati pamalopo sanapalepo ndi grinder. Ifanane ndi ya pa kapuleti ndi ya mu blue book, chimodzimodzi nambala ya injini. Ma Prado, ma Fortuner ndi ma Land Cruiser ndi galimoto zomwe akuba amazikonda kwambiri ku South Africa, zina zimadutsa njira zachidule n'kupatsidwa mapepala a galimoto ina yomwe inachita ngozi. Pitani nayo ku polisi akaione ngati siyikufunidwa kwina, wogulitsa wachilungamo sakana zimenezo.

Pajero ya bungwe yo funso lalikulu ndi duty. Mabungwe ambiri, ma embassy ndi anthu ena a maudindo amalowetsa galimoto osalipira msonkho, ikamagulitsidwa kwa munthu wamba a MRA amayenera kudziwa ndipo pamakhala zolipira. Muone kalata ya tenda, risiti ya bungwe, ndi pepala la MRA losonyeza kuti zonse zinatha. Msonkho wa galimoto umatengera kukula kwa injini ndi zaka zake nde pa 3.2 musayembekezere tindalama tochepa. Discovery nayo ngati yangolowa kumene muone mapepala a pa boda.

Ndipo ndalama yonse musapereke kunyumba kwake kapena pa filling station, pitani limodzi ku Road Traffic, wogulitsa akhalepo yekha ndi khadi lake, change of ownership ichitike inu mukuona. Madobadoba a panja paja oti tikupangirani mwachangu mwini wake safunika, asiyeni. Lipirani kudzera ku banki pakhale umboni, mulemberane kalata pakhale mboni. Dipoziti ya Lachisanu yo ine sindingapereke ndisanaone blue book.

Mjoni_Jozi

Ine ndiikire kumbuyo Discovery pang'ono chifukwa mwaiweruza osaimva 😅 kuyenda kwake palibe Prado yomwe ingafanane nayo, pa maenje umangomva ngati uli pa sofa ndipo m'matope imakoka zoopsa. Koma kuno ku Joni ma galaja odziwa Land Rover ali mbwee ndipo sipeya umaipeza tsiku lomwelo, ku Kapiri mukaipeza kuti? Imayenda pa zibaluni za mpweya m'malo mwa ma spring, kompresa ikafa kapena chibaluni chikabooka mumadzuka m'mawa galimoto yakhala pansi. Handibuleki yake ndi ya magetsi imakonda kujama ikalowa matope. Injini ya 2.7 TDV6 ija ili ndi mbiri yothyola crankshaft, komanso ntchito zina kuti makaniko afikire bwino amachita kunyamula thupi lonse kulichotsa pa chasisi. Kutchipa ko ndi chifukwa chake, amene akugulitsa akudziwa chomwe chikubwera. Ngati mwaikondabe isiyeni igone usiku muione m'mawa ngati siinatsike mbali imodzi. Ma Prado ena apamwamba nawonso ali ndi zibaluni kumbuyo nde suzumirani yanuyo.

Ya ku UK ubwino wake ndi woti mbiri ya MOT, yomwe ili ngati COF ya kumeneko, imaoneka ulere pa intaneti pa gov.uk, mungofuna nambala yake yakale ya ku UK, nthawi zina imakhala yolembedwa pa magalasi kapena m'mapepala, muona mileji ya chaka chilichonse ndi zomwe inkalephera. Kuipa kwake dzimbiri, kumeneko amathira mchere mu msewu nthawi yozizira nde pansi pamadyeka, gogodani chasisi ndi sikuludiraiva makamaka kumbuyo ndi mapaipi a buleki. Za ku Japan nazo zochokera kumpoto kwa chisanu ngati Hokkaido zimakhala choncho. Kwa wa Prado funsani export certificate ya ku Japan ngati anasunga, pamalembedwa mileji yomwe inali nayo pa ma inspection omaliza kumeneko.

China, galimoto zomira m'madzi. Durban kunasefukira mu April 2022, kwanuko Freddy anadutsa mu March 2023, galimoto zina zinauma n'kubwerera pa msika. Kwezani kapeti, kokani lamba wa mpando mpaka kumapeto muone ngati alibe mzere wa matope, onani njanji za pansi pa mipando ngati zachita dzimbiri, mukamva perefyumu wambiri mkati dzifunseni kuti akubisa fungo lanji.

MlimiWaKapiri

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndinapita m'mawa ndi makaniko wa mlamu wanga. Prado inalira bwino utsi panalibe, ma injector pa kompyuta awiri ali pafupi ndi 3 koma sanadutse, low range inalowa itavutavuta. Koma mu radiyeta ndi madzi enieni ofiira dzimbiri ndipo thermostat mulibe, mwini wake akuti anachotsa kalekale siinavutepo. Ulendo wa ku Mvera anakana ati ali ndi miting'i. Blue book ili m'dzina la munthu wina, akuti ndi msuweni wake ali ku Cape Town atumiza kalata. Pajero fayilo ilipo yonenepa ndithu, kalata ya tenda ilipo, la MRA akuti alifufuza. Kumbuyo ikugogoda pa mabampu komanso m'mawa kumamveka kaphokoso ngati tcheni kutsogolo kwa injini. Discovery sindinapiteko n'komwe. Nde pamenepa mukuti bwanji a Sipanala?

Sipanala17

Prado yo thermostat mulibe, madzi a dzimbiri, chitunda akukana, blue book ya msuweni, ine ndikanaisiyira wa ku Blantyre uja. Ma Prado ndi ambiri mu town muno mupeza ina, ndipo poti kwanuko mafuta akasowa mumagula a m'zigubu ganiziraninso ya petulo ya 2.7, ndi yaulesi pa chitunda ikadzaza komanso imamwa, koma injini yake ndi ya tcheni ilibe turbo ndipo makaniko wa pa Kamwendo akhoza kuikonza. Injini za dizilo zamakono za common rail zi, 1KD ngakhalenso Pajero ya 2008 yo, dizilo wa madzi kapena wosakaniza parafini zimadana naye kwambiri, mukagula muikiretu fyuluta yachiwiri yogwira madzi.

Pajero kaphokoso ko kasakuthawitseni koma osakanyozera, injini ya 4M41 ili ndi ka guide kapamwamba ka timing chain komwe kamatha, kusintha kokhako si ndalama zambiri koma kakathyoka zidutswa zimagwera mkati tcheni n'kudumpha. Auzeni atsegule top cover muone, pomwepo ayezenso ma valve chifukwa injini imeneyo amachita kutchuna, muonenso mwaye mu intake. Kugogoda kumbuyo ko mwina ndi ma bush kapena ma shock, Pajero kumbuyo ili ndi ma bush ambiri nde pitani mukafunse mitengo ku ma shopu a sipeya kaye mulembe papepala, mubwere nalo pokambirana mtengo. Muyesenso clutch, giya yachinayi pa liwiro lochepa ponda mafuta mpaka pansi, ma rev akakwera galimoto osathamanga ikutsetsereka. Ulendo wa ku Mvera uchitikebe, ndipo pepala la MRA lija lioneke kaye monga anenera anaPhiri. Mu fayilo mo fufuzani invoice yomaliza yomwe anasinthira oyilo wa diff ndi transfer, mutiuze inali pa ma km angati.